Wakuwerengetsani ndakatulo yake ya chikondi ndi chimwemwe: muyankha bwanji?

Azakhali anga anayamba kulemba ndakatulo amuna awo atamwalira, koma sanauze munthu. Patapita chaka ndi pamene anandiitana, n'kunditambasulira pepala long'ambidwa m'kope, lolembedwa ndi bolopeni ya buluu. "Iwe umakonda zowerengawerenga, taona ichi." Ndinawerenga nditaimirira, mothamanga ngati chikwangwani cha pamsewu, kenaka ndinati, "Azakhali, ndi yabwino kwambiri, yandikhudza." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, n'kulanda pepala lija. "Sunaiwerenge," anatero. Sananame.

Ndakatuloyo inali iyi, ndipo anandilola kuti ndiigwiritse ntchito pano:

Lero ndasankha chikondi,
Lero ndasankha chimwemwe,
Chisoni ndachitaya kutali,
Mtima wanga wadzaza ndi mtendere.
Nsapato zako zikadali pakhomo,
Ndimazisuntha posesa, ndi kuzibwezera.
Moyo ndi wokoma, abale,
Tiyeni tonse tisankhe chimwemwe.

Ndakatulo za mtundu uwu zilipo zambiri. Anthu amazilemba akatuluka m'chipatala, banja likatha, akasiya khalidwe limene linkawawononga, kapena akakhululukira munthu amene anawachita chipongwe. Ndi zovuta kuziyankha kuposa ndakatulo zodandaula, chifukwa ndani angatsutsane ndi chikondi? Ukangoti "mzere uwu sunandifike", umaoneka ngati wanjiru amene chimwemwe cha mnzake chikumuwawa. Ndiye ambiri timathawira ku "zabwino zedi, pitirizani", mawu amene mlakatuli sangaphulepo kanthu. Zimene ndikulemba apa ndi njira imene ndinatsata nditabwereranso kwa azakhali patapita masiku atatu, ndipo ndaitsatanso pa ndakatulo za anthu ena kuchokera nthawi imeneyo.

Choyamba: musayankhe pompopompo

Chimene chinandilakwitsa tsiku lija chinali phuma. Munthu akakupatsa ndakatulo n'kuima pafupi maso ali pa iwe, pakamwa pamayabwa kuti unene kenakake msanga, ndipo chotuluka chimakhala chiyamiko chopanda kanthu. Pemphani nthawi: "Ndipatseni mpaka mawa, ndikufuna ndiiwerenge nditakhala pansi." Sindinaonepo mlakatuli amene anakwiya ndi mawu amenewa.

Musanapinde pepalalo kuika m'thumba, funsani chimene mwini wake akufuna kwa inu. Wina amangofuna kuti munthu mmodzi amve zimene zakhala mumtima mwake. Wina akufuna kukailakatula pagulu sabata yamawa. Winanso akufuna kuitumiza ku mpikisano kapena kwa osindikiza mabuku. Anthu atatuwa sangalandire yankho limodzi. Woyambayu mukamuyalira zolakwika khumi, mwamutseka pakamwa mwina kwa zaka. Wachitatuyu mukangomuombera m'manja, mwamugwiritsa fuwa la moto, chifukwa kumene akupitako sakamunyengerera.

Azakhali nditawafunsa anayankha mosazungulira: "Ndikufuna undiuze ngati iyi ndi ndakatulo kapena ndi ulaliki chabe."

Chachiwiri: werengani katatu, n'kulemba zimene zakuchitikirani

Koyamba werengani chamumtima, cholembera chili patali. Kachiwiri werengani mokweza, ngakhale muli nokha m'chipinda, chifukwa ndakatulo ndi ya khutu. Pamene lilime lapunthwa, kapena mpweya wakutherani mzere usanathe, ikanipo kadontho. Kachitatu ndiye mutenge cholembera, koma osati kuti muchonge ngati mphunzitsi. Lembani zimene zinachitika mwa inu, mzere ndi mzere.

Njira iyi si yanga. Mphunzitsi wa kalembedwe wa ku America, Peter Elbow, anailimbikitsa m'chaka cha 1973: wowerenga asayambe ndi kuweruza, koma aloze mawu amene amulowa, ndi kumusimbira wolemba zimene zimadutsa m'mutu mwake pamene amawerenga. Ubwino wake ndi wakuti palibe amene angakutsutseni. Mukati "mzere wachitatu ndi wofooka", mlakatuli akhoza kulimbana nanu mpaka dzuwa kulowa. Koma mukati "pa mzere wachitatu maganizo anga anathawira kwina", mwangomuuza zimene zinachitika, ndipo iye yekha adzadzifunsa chifukwa chake.

Papepala langa panalembedwa izi. Mzere 1 ndi 2: ikumveka ngati nyimbo ikuyamba, ndikudikira. Mzere 3 ndi 4: ndikudziwa kale zikubwera, maso athamangira kutsogolo. Mzere 5: ndaima, ndikuona nsapato zakuda zodyeka kuchidendene. Mzere 6: pakhosi pandigwira. Mzere 7 ndi 8: ndamasuka msanga kwambiri, ngati wina wayatsa wailesi m'chipinda momwe munthu amalira.

Taonani kuti ndakatuloyo sinanene kuti nsapatozo ndi zakuda, kapena kuti zadyeka. Ndinaziona ndekha. Mzere ukakuonetsani zinthu zimene sizinalembedwe, dziwani kuti ukugwira ntchito, ndipo umenewo ndiwo muyenera kuutchula poyamba mukakakumana ndi mwini wake.

Chachitatu: fufuzani chimene chakanidwa

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo musamapadutse mothamanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kusankha kumafuna zinthu ziwiri. Munthu amene kutsogolo kwake kuli njira imodzi sasankha, amangoyenda. Ndiye ndakatulo ikati "ndasankha chimwemwe", wowerenga ayenera kufunsa kuti: m'malo mwa chiyani? N'chiyani chimene chimamukokera woyankhulayu mbali inayo, ndipo chikadali ndi mphamvu yotani? Chimwemwe m'ndakatulo chimalemera molingana ndi chinthu chimene chikulimbana nacho. Ngati chokanidwacho sichikuoneka, mawu oti "ndasankha" amakhala opepuka ngati nthenga.

Chitani izi. Tembenuzani pepala lanu, mulembe mzere pakati kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kumanzere lembani zonse zimene woyankhula wasankha, kumanja zonse zimene wazikana kapena zimene zikumukoka. Kenaka pa chinthu chilichonse dzifunseni ngati mungachikhudze ndi dzanja, kuchiona ndi maso kapena kuchimva ndi khutu.

Kwa azakhali, kumanzere kunali chikondi, chimwemwe, mtendere ndi moyo wokoma. Zinayi, koma palibe n'chimodzi chomwe chogwirika. Kumanja kunali chisoni, chimenenso sichigwirika, ndi nsapato. M'ndakatulo yonse ya mizere 8, chinthu chokhacho chimene ndikanatha kuchinyamula chinali kumbali ya zokanidwa. Ndinazindikira pamenepo chifukwa chimene mizere yachimwemwe imandiphonya: imalimbana ndi nsapato zenizeni ndi mawu okhaokha.

Mukachita zimenezi pa ndakatulo zingapo mudzaona kuti zimagwa m'magulu. Pali zimene kumanja kulibe kanthu, chikondi ndi kuwala kuyambira pamwamba mpaka pansi. Zotere zimakoma kuzipachika pakhoma, koma munthu saziwerenga kawiri, ndipo mlakatuli wake muyenera kumufunsa mofatsa kuti, "Tsiku lisanafike limene woyankhulayu anasankha, zinthu zinali bwanji?" Pali zimene kumanja kwadzaza mabala enieni pamene kumanzere kuli mawu ongobwerekera. Izi ndi ndakatulo zodandaula zimene zavala zovala za chikondwerero, ndipo wowerenga amakhulupirira mabalawo, osati chikondwererocho. Wolemba wake akufunika kupeza chinthu chimodzi chogwirika chimene chimwemwe chake chimakhalamo, kaya ndi liwu la mwana m'chipinda chinacho, kaya ndi foni imene anaimba atakhala zaka osayankhulana ndi m'bale wake. Ndiye pali zochepa zimene mbali zonse ziwiri zili ndi zogwirika. Mukaipeza yotero, ntchito yanu yatsala yaing'ono.

Mukatha apo yang'anani aneni, makamaka nthawi yawo. Mu "ndasankha", "ndachitaya" ndi "wadzaza", zonse zachitika, zatha, nkhani yatsekedwa. Koma mu "ndimazisuntha" muli ka "-ma-" kaja kosonyeza zochitika kawirikawiri. Kaphatikizo kamodzi kameneka kakutsutsa mzere wonse wachitatu: ngati chisoni chinatayidwa kutali, n'chifukwa chiyani m'mawa uliwonse munthuyu amawerama pakhomo kusuntha nsapato za munthu amene sadzazivalanso? Kutsutsana kotere kukhoza kukhala kuphonya kwa mlakatuli, kukhozanso kukhala mtima weniweni wa ndakatuloyo. Musagamule nokha. Kulembeni pambali ngati funso lokafunsa.

Ndiulule pano kuti ineyo ndakatulo ya chimwemwe yopanda chipsera sindiikhulupirira kwenikweni. Koma ichi ndi chizolowezi changa, ndipo chizolowezi cha wowerenga nachonso chimafunika kuchilondera. M'zaka za m'ma 1920, I. A. Richards ankapatsa ophunzira ake pa yunivesite ya Cambridge ndakatulo zopanda mayina a olemba, kuti alembe maganizo awo, ndipo zotsatira zake anazisindikiza mu 1929. Limodzi mwa mavuto amene anawapeza linali lakuti owerenga ambiri samayankha ndakatulo imene ili patsogolo pawo, koma maganizo amene anali nawo kale, amene mawu ena a m'ndakatulomo angowadzutsa. Pa ndakatulo za chikondi vuto limeneli limabwera mbali ziwiri. Wina akangoona mawu oti "chikondi" ndi "mtendere" misozi yayamba kale kulengeza, mlakatuli asanagwire ntchito iliyonse. Wina, makamaka amene wawerenga mabuku ambiri, akangoona mawu omwewo wayamba kale kupinda milomo kuti izi ndi zachibwana. Onsewa sanawerenge.

Ine ndinali pangozi yoyambayo, chifukwa malemuwo ndinkawadziwa, ndipo nsapato zawo ndinaziona ndi maso anga. Ndinayenera kudzifunsa ngati munthu wosawadziwa angaime pa mzere womwewo. Ndinapeza kuti inde, popeza aliyense amene anasesapo m'nyumba amadziwa kuti chinthu ukachisuntha n'kuchibwezera pamalo pomwepo, ndiye kuti malowo ukuwasungira mwini wake. Nanunso mzere ukakugwetsani misozi, dzifunseni kuti wakulizani ndani, mlakatuli kapena zokumbukira zanu.

Chachinayi: mverani kamvekedwe, koma musapusitsidwe ndi chiyankhulo

Chichewa chimapereka zokoma zina kwaulere, ndipo wowerenga asamayamikire mlakatuli pa mphatso za galamala. Tili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo mawu athu amathera ku limodzi mwa amenewa. Aneni ambiri amathera ku "a". Choncho kuti mizere ithe mofanana si chinthu chovuta, nthawi zina zimangochitika zokha. Kuonjezera apo, chikondi, chimwemwe, chisomo, chiyembekezo ndi chikhululukiro onse ndi mayina a gulu la Chi-Zi, ndipo amakoka agwirizanitsi awo kulikonse kumene apita. Munthu akalemba kuti "chikondi changa chenicheni chomwe chimandisunga", khutu limamva chibwereza chokoma cha "ch", koma amene wachipanga ndi malamulo a chiyankhulo. Ndakatulo za mutu umenewu zimadzaza ndi phokoso lotere mpaka mawu amasiya kutanthauza kanthu. Mukaona mizere itatu yotsatizana ikungoti chi, cha, cho, muuzeni mwini wake kuti pamenepo munamva nyimbo koma simunamve nkhani.

Werengani maphatikizo ndi zala. Mizere iwiri yoyamba ya azakhali ili ndi maphatikizo 8 uliwonse, yofanana ngati mapazi a munthu woguba. Mzere wa 6, "Ndimazisuntha posesa, ndi kuzibwezera", uli ndi 14, ndipo ndiwo wautali kuposa yonse. Munthu wongotsata lamulo anganene kuti ufupikitsidwe. Ine ndinaona kuti kutalikako n'koyenera, chifukwa umakuchedwetsa monga momwe ntchitoyo imachedwetsera wosesayo: kuwerama, kusuntha, kusesa, kubwezera. Cholinga chowerengera maphatikizo si kufananitsa mizere yonse ayi, koma kuona ngati pamene kayendedwe kasintha pali chifukwa.

Zifanifani ndi ziyerekezo zotha ntchito muziloze mosachita manyazi: chikondi ngati duwa, kuwala ngati dzuwa, mtima ngati nyanja. Sikuti n'zolakwika, koma zadutsa m'manja ambiri. Chimodzimodzinso mvekero. Umodzi woikidwa pamalo pake, monga nyumba imene yangoti zii, umaposa afotokozi atatu, koma "mtima kuti myaa" wafika pomveka m'ndakatulo iliyonse yachikondi, moti sudzidzimutsanso munthu.

Chachisanu: phimbani mathero ndi dzanja

Phimbani mizere iwiri yomaliza, muwerengenso. Ngati ndakatuloyo ikuima bwinobwino popanda imeneyo, mwapeza chokanena. Olemba ambiri amaopa kuti wowerenga sanamve, ndiye kumapeto amabwereza phunziro lonse mokweza.

Onaninso kuti woyankhula akuyankhula ndi yani. Pa mzere wa 5 azakhali akuti "nsapato zako", kutanthauza kuti m'chipindamo muli anthu awiri okha, iwo ndi malemuwo. Pa mzere wa 7 akuti "abale", "tiyeni tonse". Woyankhulidwa wasintha mwadzidzidzi, mwamuna uja wasiyidwa pakhomo ndi nsapato zake, mayi atembenukira gulu. Funso lawo lija, loti iyi ndi ndakatulo kapena ulaliki, yankho lake linali pamenepa: mizere 6 ndi ndakatulo, iwiri yomaliza ndi ulaliki.

Chachisanu ndi chimodzi: konzani dongosolo la zokanena

Mukafika apa pepala lanu ladzaza, ndipo chiyeso chake ndi kukakhuthula zonse. Musatero. Sankhani zinthu ziwiri, zikachulukitsa zitatu. Zolakwika za kalembedwe ka mawu, mipumiro ndi mipatuliro muzisunge, mudzazitchule kumapeto penipeni ngati mwini wake akufuna kukasindikiza.

Dongosolo limene ndimatsata ndinaliphunzira ku njira imene Liz Lerman, katswiri wa magule wa ku America, anakonza mu 1990 kuti amisiri a zaluso aziuzana maganizo popanda kuphana mtima. Ili ndi magawo anayi. Woonera amayamba ndi kunena chimene chamukhudza kapena chamutsalira m'mutu. Kenaka mwini ntchito ndiye amafunsa mafunso ake. Kachitatu woonera amafunsa mafunso amene mulibe chiweruzo mkati mwake. Pomaliza ndi pamene amanena maganizo ake, koma atapempha chilolezo. M'makalasi ena a alembi, potengera chizolowezi cha Iowa Writers' Workshop, sukulu ya alembi ya ku America imene inakhazikitsidwa mu 1936, wolemba amakhala chete pamene anzake akukambirana ntchito yake. Pa ndakatulo yochokera pabala lenileni ine chizolowezi chimenecho sindichikonda. Mwini wake ayankhule, chifukwa nthawi zambiri mzere umene ukusowa m'ndakatulo umatuluka pakamwa pake pokambirana.

Umu ndi momwe zinayendera kwa ife. Nditakhala pansi ndinati, "Azakhali, ndawerenga katatu, ndipo katatu konse ndinaima pa nsapato paja."

Anakhala chete kanthawi, akupukuta magalasi ndi nsonga ya nsalu yawo. "Mzere umenewo ndimafuna kuuchotsa," anatero. "Ukuononga chimwemwe."

Zimenezi zimachitika kawirikawiri moti musadabwe nazo. Mzere wabwino koposa ndi umene mlakatuli amachita nawo manyazi, chifukwa ndi umene wamuvula. Ndikanangopita ndi mndandanda wa zofooka osatchula nsapatozo, bwenzi atazifufuta, n'kusiya ulaliki wokhawokha. N'chifukwa chake kuyamba ndi chimene chakukhudzani si ulemu chabe kapena kunyengerera munthu musanamubaye. Mukumuuza pamene asakhudze.

Funso lopanda chiweruzo ndi lovuta kulipanga kuposa momwe limaonekera. "Bwanji mwanena kuti chisoni mwachitaya pamene mukusungabe nsapato?" si funso, ndi mlandu. Ine ndinafunsa kuti, "Woyankhulayu akamabwezera nsapatozo, amakhala akusankha chiyani?" Taonaninso kuti ndinati "woyankhulayu", osati "inu". Ngakhale tonse tinkadziwa kuti ndi iwo, mawu amenewa amapatsa munthu malo oima patali pang'ono ndi kuona ndakatulo yake ngati chinthu chimene angachikonze, osati ngati moyo wake ukuzengedwa.

Anayankha akuyang'ana kukhomo kuja: "Ndikazichotsa ndiye kuti ndavomera kuti nyumba ino ndi yanga ndekha. Ndikazisiya osasesa pansi pake ndiye kuti ndaleka kukhala. Ndiye ndimasesa, n'kubwezera."

"Azakhali, kusankha kumene mukunena pa mzere woyamba si kumeneko?"

Sanayankhe, koma anatenga bolopeni.

Kenaka ndinapempha chilolezo: "Ndili ndi maganizo pa mizere iwiri yomaliza, mukufuna kuwamva?" Pafunso limeneli munthu ali ndi ufulu wonena kuti ayi, kapena kuti tsiku lina, ndipo akatero mutseke pakamwa. Iwo anati, "Nena, wakutsina khutu ndi mnansi." Ndinawauza za dzanja lophimba mathero lija, ndi za "zako" amene wasanduka "abale". Anayesa okha, chikhatho pa pepala, kuwerenga mokweza mpaka "kuzibwezera", n'kuima. M'nyumba munangoti zii.

Ngati simungathe kukumana ndipo muyenera kulemba uthenga, dongosolo ndi lomweli, koma chenjerani kuti mawu olembedwa alibe nkhope. Chimene pakamwa chikanamveka ngati nthabwala, pa foni chimaluma. Tchulani mawu enieni a m'ndakatulomo m'malo mongoti "gawo lapakati", ndipo uthengawo usatalike kuposa ndakatuloyo kakhumi. Chinachake chonga ichi n'chokwanira: "Ndawerenga katatu. Mzere wa nsapato sukundichoka m'mutu. Pa mzere 3 ndi 4 maganizo anga anayendayenda. Ndili ndi funso limodzi komanso ganizo limodzi pa mathero, mundiuze ngati mukuzifuna."

Pali nthawi imodzi imene zonse ndanenazi muyenera kuziika pansi. Ngati ndakatulo ya mtendere ikumveka ngati kutsanzika, ngati munthu amene wakhala wosweka mtima kwa nthawi yaitali walemba mwadzidzidzi kuti wapeza mpumulo, asamulire, katundu wake agawane, musayambe kuwerenga maphatikizo. Mufunseni molunjika momwe alili ndiponso ngati akuganiza zodzipweteka, mukhale naye, ndipo muthandizeni kufika kwa achipatala kapena aphungu. Za luso zidzakambidwa tsiku lina.

Chomaliza: cholembera ndi chawo

Mukaona bwino pamene ndakatulo yapendama, dzanja limayabwa kuti mulembe nokha mzere wolowa m'malo. Dziletseni. Mzere wanu ukhoza kukhala wabwino, koma udzamveka ngati chigamba cha nsalu ina, ndipo mwini wake nthawi zonse akamalakatula adzadziwa kuti pamenepo si pake. Lozani malowo, nenani zimene zinakuchitikirani, funsani funso, basi.

Konzekeraninso kukanidwa. Ine ndinali ndi ganizo lachitatu, loti mizere iwiri yoyamba ikunena chinthu chimodzi, ndiye umodzi uchoke. Azakhali anakana kwamtuwagalu. "Lero amanenedwa kawiri chifukwa kamodzi sikakwana," anatero. "Umasankha podzuka, pofika masana zatha, usankhenso." Ndinaona kuti ndinali nditawerenga chibwerezacho ngati ulesi pamene chinali dala. Sikuti nthawi zonse mlakatuli akakana amakhala wolondola, nthawi zina amangokakamira, koma ngakhale pamenepo ndakatuloyo ndi yake. Nenani kamodzi, momveka, osabwereza.

Patatha sabata ziwiri anandionetsa pepala latsopano:

Lero ndasankha chikondi,
Lero ndasankha chimwemwe.
Nsapato zako zikadali pakhomo,
Ndimazisuntha posesa, ndi kuzibwezera,
Kenaka ndimatsegula zenera.

Mizere 8 inasanduka 5. Chisoni chotayidwa kutali chija munalibenso, mtendere ndi abale aja chimodzimodzi. Mzere womalizawo unali wawo, sindinauganizireko. Unandisangalatsa kuti kumanzere kwa pepala langa tsopano kunali chinthu chogwirika, komanso kuti "kuzibwezera" ndi "zenera" akuyankhana kumapeto. Koma unandikayikitsanso pang'ono, poti mazenera otseguka ndawaona m'ndakatulo zambiri. Tsiku limenelo sanandifunse, ndiye sindinanene. Anadzandifunsa patapita mwezi, tili pakhomo pomwepo, ine ndikuvula nsapato zanga pambali pa zakuda zija.

"Nanga zeneralo ukuliona bwanji?"

"Azakhali, ndipatseni mpaka mawa."